Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Zaka 37 za a Mugabe Pampando

Mwana akalakwa pagulu, mlendo amangoyang'ana kumbali, mwina n'kumaseka chamumtima. Amene amadzuka pampando, kumukokera mwanayo kuseri kwa nkhokwe ndi kumupotokola khutu ndi amalume ake kapena agogo ake. Kutsinako kumawawa ndipo mwana amachoka akung'ung'udza. Akakula ndiye amazindikira kuti mwa anthu onse amene anali pabwalo tsiku lija, mmodzi yekhayo ndi amene anamuwerengera. Akuluakulu ataona zimenezi anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mpaka lero kutsina munthu khutu kumatanthauza kumuchenjeza ngozi isanagwe. Mwambiwu uli ndi unzake woyenda nawo limodzi, wakuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Miyambi iwiriyi kawirikawiri imanenedwa kwa ana, ngati kuti akulu anaimaliza kale. Komatu munthu akamakwera, anthu olimba mtima kumutsina khutu amanka nachepa, ndipo iye ndi amene amawasowa koposa mwana. M'dziko lolamulidwa ndi pulezidenti, ntchito yotsina khutu ili m'manja mwa oponya voti ndi a zipani zotsutsa boma. Mtsogoleri akayamba kuwatenga anthu amenewa ngati adani, tsiku lake lochoka limafikabe, koma limafika ndi mfuti, ndipo anthu wamba sapindulapo kanthu. Mbiri ya a Robert Mugabe a ku Zimbabwe ikuonetsa zimenezi kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Mphunzitsi wa ku Kutama

Mbiri ya munthu siyambira pamene anagwera. A Mugabe anabadwa pa 21 Febuluwale 1924 ku Kutama, pa mishoni ya Akatolika, ndipo ntchito yawo yoyamba inali ya uphunzitsi. Anaphunzitsako pa sukulu yosula aphunzitsi ya Chalimbana, kufupi ndi Lusaka, kenaka ku Ghana. Atabwerera kwawo n'kulowa ndale, boma la azungu linawatsekera m'ndende zaka khumi, kuyambira 1964 mpaka 1974. Mwana wawo wamwamuna anamwalira ku Ghana mu 1966 iwo ali m'ndende, ndipo boma la a Ian Smith linawakaniza kukaika maliro. Munthu wotere anadziwa bwino kuwawa kwa kutsekedwa pakamwa.

Pachisankho cha 1980 chipani chawo chinapata mipando 57 mwa mipando 80 ya anthu akuda, ndipo pa 18 Epulo anakhala nduna yaikulu ya dziko lodzilamulira. Analankhula mawu a chikhululukiro kwa azungu amene anawazunza. Anamanga sukulu ndi zipatala kumidzi, kotero kuti Zimbabwe inatchuka pakati pa maiko a mu Africa pa kuchuluka kwa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Wokana zimenezi ndi wabodza.

Koma chiswe chinali chitalowa kale m'mphasa. Kuyambira 1983, gulu la asilikali lotchedwa Fifth Brigade, lophunzitsidwa ndi akatswiri a ku North Korea, linatumizidwa ku Matabeleland ndi ku Midlands, kumene kunali otsatira a Joshua Nkomo ndi chipani chawo cha ZAPU. Chipwirikiti chimenechi chimatchedwa Gukurahundi, ndipo ambiri amayerekeza kuti anthu pafupifupi 20,000 anaphedwa. Mu Disembala 1987 a Nkomo anasaina pangano la umodzi, ZAPU inamezedwa ndi ZANU-PF, ndipo mwezi womwewo a Mugabe anakhala pulezidenti wa mphamvu zonse. Mnansi woyamba wotha kutsina khutu anakhalitsidwa chete motero.

Kutsinidwa kwa 2000 ndi 2002

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mitengo ya zinthu inali itakwera, ntchito zikutha, ndipo asilikali a dzikolo anali akumenya nkhondo yodya ndalama ku Congo. Mu 1999 mabungwe a anthu apantchito ndi magulu ena anayambitsa chipani cha MDC, motsogozedwa ndi a Morgan Tsvangirai, amene kale ankagwira ntchito pa mgodi ku Bindura. Mu Febuluwale 2000 boma linafunsa anthu pa riferendamu ngati akuvomereza malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene akanalola a Mugabe kuimanso kawiri ndiponso kulanda minda ya azungu popanda boma kulipira chipukutamisozi. Anthu pafupifupi 55 pa 100 alionse anakana.

Uku kunali kutsina khutu kwaulemu. Panalibe mfuti, panalibe mwala, koma kapepala m'bokosi. A Mugabe anaonekera pa kanema navomereza zotsatirazo, ndipo anthu anaganiza kuti mkulu wamva. Pasanathe masabata ambiri, magulu otsogozedwa ndi omenyera ufulu akale anayamba kulanda minda mwachiwawa, ndipo otsatira a MDC kumidzi anayamba kumenyedwa. Ngakhale zinali choncho, mu Juni chaka chomwecho MDC inapata mipando 57 mwa 120 ya m'nyumba ya malamulo.

Nkhani ya malo inali dandaulo loona. Alimi achizungu owerengeka chabe anali ndi nthaka yachonde kwambiri imene makolo a anthu akuda analandidwa ndi atsamunda. Koma dandaulo limeneli linakhalapo zaka 20 boma lomwelo lili pampando, ndipo linasanduka lachangu pokhapokha bokosi la mavoti litalankhula. Mankhwala enieni a nthenda yeniyeni anagwiritsidwa ntchito ngati thonje lotsekera m'makutu.

Chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 chisanafike, mkulu wa asilikali, a Vitalis Zvinavashe, analengeza kuti asilikali sadzachitira sawasha munthu amene sanamenye nawo nkhondo ya ufulu. Aliyense anadziwa amene ankanenedwa. Zotsatira zinati a Mugabe apata mavoti 56 pa 100 alionse, a Tsvangirai 42. Bungwe la Commonwealth linaimitsa Zimbabwe pa umembala. Majaji awiri a ku South Africa amene anatumidwa ndi a Thabo Mbeki anapeza kuti chisankhocho sichinali chaufulu ndi chachilungamo, koma lipoti lawo linabisidwa mpaka khoti litalamula kuti litulutsidwe mu 2014.

A Phiri ndi a Banda opanda voti

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene adzukulu a ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia sayenera kuiiwala, chifukwa ikukhudza magazi awo. Kwa zaka zambiri za utsamunda, amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi ankangowatchula kuti matchona. Ana ndi adzukulu awo anabadwira komweko, ndipo mpaka lero Gule Wamkulu amavinidwa m'makomboni a kumeneko.

Minda italandidwa, anthu amenewa ndi amene anayamba kusowa pogona, popeza analibe mudzi wothawirako. Boma linkawakayikira kuti amakonda otsutsa. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kuti aliyense amene kholo lake linabadwira kunja akane unzika wa dziko la kholo lakelo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi unzika wa Zimbabwe umuthera. Mlimi wa pafamu wosadziwa kuwerenga, amene sanapondeko ku Lilongwe, akanakana bwanji chinthu chimene sanakhale nacho? Ambiri anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira, ndipo dzina lawo linasowa m'kaundula wa oponya voti. A Mugabe anafika ponyoza anthu a ku Mbare, mu mzinda wa Harare, kuti ndi opanda mfunda, chonsecho ambiri mwa onyozedwawo anali a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi amene anawabwezera unzika, naika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dzikomo. Njira yachidule yopambanira chisankho ndiyo kuchepetsa anthu ololedwa kuvota, ndipo oyamba kufufutidwa amakhala osauka.

Chaka cha 2008

Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'mizinda pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina. Nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Mu Malichi 2007 a Tsvangirai anamenyedwa ali m'manja mwa apolisi, ndipo zithunzi za nkhope yawo yotupa zinazungulira dziko lonse lapansi. Ndalama inasanduka masamba. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 kukwera mitengo kwa zinthu kunafika pa 231 miliyoni pa 100 alionse, ndipo kumayambiriro kwa 2009 banki yaikulu inasindikiza pepala la madola 100 thililiyoni.

Anthu anaponya voti pa 29 Malichi 2008. Chifukwa cha zokambirana zimene a Mbeki anatsogolera, zotsatira za pamalo aliwonse oponyera voti zinkamatidwa pakhomo kuti aliyense aone. Kanthu kakang'ono kameneka kanachititsa kuti kubera kuvute. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1980, ZANU-PF inataya ulamuliro wa nyumba ya malamulo. Koma zotsatira za pulezidenti zinasungidwa masabata asanu, mpaka pa 2 Meyi, pamene bungwe loyendetsa chisankho linati a Tsvangirai apata 47.9 pa 100 alionse, a Mugabe 43.2, kotero kuti pafunika chisankho chachibwereza popeza palibe anapitirira theka.

Mphunzitsi aliyense amadziwa chifukwa chake mwana salemba mayeso n'kudzichongera yekha, ndiponso chifukwa chake mapepala sagona kunyumba kwa kholo la wolemba mayeso. Mphunzitsi wa ku Chalimbana uja anadziwa lamulo limeneli kuposa wina aliyense. M'masabata otsatira, midzi imene inavotera otsutsa inalangidwa. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anati anthu pafupifupi 200 anaphedwa ndipo zikwi zambiri anathawa m'makomo mwawo. A Mugabe anauza misonkhano kuti cholembera sichingalimbane ndi mfuti, ndiponso kuti Mulungu yekha ndiye angawachotse. Pa 22 Juni a Tsvangirai anatuluka mu mpikisano nakabisala ku ofesi ya kazembe wa Netherlands. Pa 27 Juni a Mugabe anapikisana okha napata mavoti oposa 85 pa 100 alionse. Kolera imene inabuka chaka chomwecho inapha anthu oposa 4,000.

Kodi mwambo umati mfumu ifere pampando?

Oikira kumbuyo atsogoleri okhalitsa amakonda kubisala m'mwambo. Amati ku Africa mfumu silowedwa m'malo ili moyo, ndipo zoti mtsogoleri alamulire zaka khumi zokha n'zobwera ndi azungu. Mawuwa amakoma m'khutu, koma amatenga theka la mwambo n'kusiya theka linalo kuseri.

N'zoona kuti mfumu ya Achewa imakhala paufumu mpaka imfa. Koma mfumuyo sidzisankha yokha. Amayi a mbumba ndi amene amaloza mwana wa mlongo woyenera kulowa dzina. Asanavekedwe, amatsekeredwa m'nyumba usiku n'kulangizidwa ndi mafumu anzake ndi akuluakulu, ndipo amauzidwa zinthu zowawa zimene palibe adzayerekeze kumuuza masana. Akakhala pabwalo saweruza yekha. Nduna zimafunsa mafunso, mbali zonse ziwiri zimalankhula, ndipo iye amangomanga mfundo pomaliza. Amauzidwa kuti mfumu ndi kudzala, kumene aliyense amatayako zinyalala za pakamwa pake popanda kubwezeredwa, ndiponso kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Kale mfumu ikachita nkhanza, mabanja ankasamuka usiku kukamanga mudzi wina, iyo n'kutsala ikulamulira mabwinja. Ashona, mtundu wa a Mugabe eni ake, ali ndi mwambi wofanizira ufumu ndi ntchito yoweta ng'ombe mosinthana masiku, ndipo m'madera ambiri a kumeneko ufumu umazungulira m'nyumba zingapo za banja lachifumu.

Kuwonjezera apo, nyakwawa ilibe asilikali, ilibe ndende, ndipo sisindikiza ndalama. Pulezidenti ali nazo zonsezi. Munthu wa mphamvu zotere akafuna moyo wa mfumu koma akukana bwalo, mbumba ndi nduna zomutsutsa, ndiye kuti wasankha nyama n'kusiyira anzake mafupa a mwambo. Chisankho, makhoti, nyuzipepala ndi zipani zotsutsa ndi bwalo lomwe lija, lokulitsidwa kuti likwane dziko. Malire a zaka alowa m'malo mwa ufulu wosamuka, chifukwa mtundu wonse sungasenze akatundu usiku, ngakhale kuti ana a Zimbabwe ochuluka zedi anayesa zimenezo powoloka Limpopo.

Kuti zimatheka, anansi anaonetsa. A Julius Nyerere anatula pansi udindo okha mu 1985. A Kenneth Kaunda, atalamulira Zambia zaka 27, anagonja pachisankho cha 1991 napereka mpando kwa a Frederick Chiluba. Ngakhale a Kamuzu Banda, amene anavekedwa upulezidenti wamuyaya mu 1971, anavomereza kugonja mu Meyi 1994. Onsewa anali ndi zolakwa zawo, zina zazikulu, koma pa tsiku lotsiriza anamva.

Otsutsa nawonso ali ndi makutu

Mwambiwu suona nkhope. Mu Okutobala 2005 akuluakulu a MDC anavota kuti chipani chipikisane nawo pachisankho cha aphungu a nyumba ya seneti, koma a Tsvangirai anakana kutsatira chigamulocho, ndipo chipani chinang'ambika pawiri. Pofika 2008 gawo linalo linathandiza a Simba Makoni, amene anapata mavoti 8 pa 100 alionse, pamene a Tsvangirai anaperewera pang'ono chabe kuti apitirire theka. Nkhanga zinapangana kusanapse, koma izi zinakangana moto uli pafupi.

Pangano la pa 15 Seputembala 2008 linabala boma la mgwirizano, ndipo a Tsvangirai anakhala nduna yaikulu mu Febuluwale 2009. Katundu anabwerera m'masitolo ndipo sukulu zinatsegulidwa, koma asilikali, apolisi, wailesi ya boma ndi kaundula wa oponya voti zinatsala m'manja momwe muja. Pachisankho cha 2013 a Mugabe analengezedwa opambana ndi mavoti 61 pa 100 alionse. A Tsvangirai anatsogolera chipani chawo kuyambira 1999 mpaka imfa yawo pa 14 Febuluwale 2018, ndipo mkangano wolimbirana mpando wawo unayambira pamaliro pomwe. Kulimba mtima kwawo n'kosakayikitsa. Komabe chipani chimene sichitha kusintha mtsogoleri mwamtendere chili chotsutsa sichidzaphunzira luso limeneli chikalowa m'boma.

Nkhwangwa ichokera m'nyumba

Atatha adani a kunja, a Mugabe anayamba kudya a m'nyumba. Mu 2014 anachotsa wachiwiri wawo, mayi Joice Mujuru. Pa 6 Novembala 2017 anachotsanso a Emmerson Mnangagwa, amene anayenda nawo kuyambira nthawi ya nkhondo, ndipo anthu ambiri anaona kuti njira ikulambulidwira mayi Grace Mugabe. Patangotha sabata imodzi, akasinja a nkhondo analowa mu Harare. Pa 18 Novembala chinamtindi cha anthu chinadzaza misewu chikuimba ndi kukumbatira asilikali. Pa 21 Novembala, aphungu atayamba kale kukambirana zowachotsa, kalata yotula pansi udindo inawerengedwa. Mkuluyo anali ndi zaka 93.

Amene anawagwetsa sanali a MDC, kapena azungu, kapena matchona a ku Mbare. Anali asilikali omwe aja amene a Mugabe anawaphunzitsa kuti mfuti iposa cholembera, ndipo ophunzirawo anakhoza mayeso. Kutatsala tsiku limodzi kuti chisankho cha 2018 chichitike, a Mugabe anaitana atolankhani n'kunena kuti sangavotere anthu amene anawazunza. Munthu amene anapeputsa voti kwa zaka zonsezo anatsala ndi chida chimodzi chokha, kapepala kake kamodzi. Anamwalira ku Singapore pa 6 Seputembala 2019, ndipo banja lawo linawaika kwawo ku Kutama, osati kumanda a ngwazi ku Harare amene anamangidwa mu ulamuliro wawo.

Anthu amene anavina pa 18 Novembala sanachedwe kuona kuti nkhwangwa sisankha mutu. Pa 1 Ogasiti 2018, patangotha masiku awiri chiponyereni voti, asilikali anawombera anthu m'misewu ya Harare, ndipo asanu ndi mmodzi anafa. A Mnangagwa analengezedwa opambana pa a Nelson Chamisa chaka chimenecho, ndiponso mu 2023, pamene ngakhale nthumwi za SADC, motsogozedwa ndi a Nevers Mumba a ku Zambia, zinati chisankhocho chinaperewera pa miyeso yoyenera. Mu 2024 msonkhano waukulu wa ZANU-PF unagwirizana zoti a Mnangagwa apitirire mpaka 2030, chonsecho malamulo a 2013 anaika malire a zigawo ziwiri za zaka zisanu. Munthu anachoka koma chizolowezi chinatsala, chifukwa chinachotsa munthuyo si bwalo.

Nkhaniyi isakhale yoseka nayo anansi, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mdzukulu amene lero akukwiya ndi mnzake womudzudzula pamsonkhano wa kalabu ya achinyamata, kapena amene akufuna kusintha malamulo a komiti ya chitukuko kuti akhalebe wapampando, wayamba kale ulendo wa ku Kutama. Ndipo amene amaombera m'manja mtsogoleri wa chipani chake pamene otsutsa akuthiridwa utsi wokhetsa misozi akumbukire kuti ndodo imeneyo ilibe mwini wamuyaya. A Mugabe anatsinidwa khutu mu 2000, mu 2002 ndi mu 2008, nthawi zonse ndi anthu a mtundu wawo, atanyamula kapepala m'manja. Akanamva ulendo woyamba uja, akanapuma ali ndi zaka za m'ma 70, ndipo dziko likanawakumbukira ndi sukulu zimene anamanga.